Za mphepo zija zalowa, ndipo zalowera pa njinga

Mtima wakhala pansi tsopano, anzanga a Fomu 4. Nkhani ya air resistance ija, kukankha kwa mpweya pa chinthu chimene chikuyenda, yalowa m'mutu, ndipo chandithandiza ndi mpikisano wa njinga.

Za ma force sindibwereza, nonse mukuzidziwa. Chimene chandimasula n'chakuti mphepo siikula mofanana ndi liwiro. Ukachoka pa makilomita 20 pa ola n'kufika pa 40, kukankha kwa mphepo kumachuluka kanayi, koma mphamvu imene miyendo iyenera kutulutsa pa sekondi iliyonse kuti iigonjetse imachuluka kasanu n'katatu. Kasanu n'katatu! Ndiye taganizirani Tour de France, mpikisano waukulu wa njinga wa ku France, masiteji (zigawo za tsiku limodzilimodzi) 21, mtunda wa makilomita pafupifupi 3,500, ndipo wopambana amamaliza ndi avereji yoposa makilomita 40 pa ola. Pamalo athyathyathya mphamvu zambiri za anthu amenewa zimathera pong'amba mpweya basi. Amene wabisala kumbuyo kwa mnzake amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake, ndipo amene ali pakati pa chigulu amapulumutsa zoposa pamenepo.

Nditagwira pamenepa, ntchito yonse ya wopalasa njinga wolipidwa inaoneka poyera. Timu imalowa mu Tour ndi anthu asanu ndi atatu, koma wofunika kupambana nthawi zambiri amakhala mmodzi. Enawo analembedwa ntchito yolandira mphepo. Amakhala kutsogolo mpaka miyendo itatheratu, amabwerera ku galimoto ya timu kukatenga mabotolo a madzi, mtsogoleri akaphulitsa tayala amamupatsa lawo, kenaka amafika kumapeto mochedwa kwambiri opanda wowaombera m'manja. Munthu atha kusaina kontrakiti chaka ndi chaka, kulandira malipiro, kukalamba pa njinga, osapambanapo mpikisano waukulu n'kamodzi komwe, koma matimu n'kumamulimbirana. Zonsezi zikuchokera mu v² (square ya liwiro) ija ya mu fomula ya air resistance tinkailoweza mosadziwa ntchito yake.

Chris Froome, amene anabadwira ku Nairobi mu 1985, anayamba choncho. Mu 2012 anali wothandizira Bradley Wiggins ku Team Sky. Pokwera phiri la La Toussuire anathamanga n'kumusiya mtsogoleri wakeyo, anamuuza pa wailesi ya kukhutu kuti adikire, iye n'kudikira. Wiggins anapambana Tour, Froome anakhala wachiwiri. Nthawi yake inakwana mu 2013, kenaka 2015, 2016 ndi 2017, ena akumutchingira mphepo iyeyo tsopano. Biniam Girmay wa ku Eritrea, amene mu Tour ya 2024 anapambana masiteji atatu ndi malaya obiriwira a wopeza mapointi ambiri, nayenso amabisala kumbuyo kwa anzake tsiku lonse, n'kudzatulukira pa mamita 200 kapena 300 omaliza. Ngakhale Greg LeMond mu Tour ya 1989 anapambana Laurent Fignon ndi masekondi 8 okha atatha masabata atatu, ndipo tsiku lomaliza anagwiritsa ntchito zigwiriro zomupinda thupi kuti mphepo isamugwire kwambiri.

Paphiri nkhani imasintha, chifukwa liwiro likatsika mphepo imachepa mphamvu ndipo chimene chimalamula ndi kulemera kwa thupi. N'chifukwa chake akatswiri a mapiri amakhala owonda chonchija. Aliyense amene anakwerapo Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti akudziwa kuti pamenepaja kubisala kumbuyo kwa mnzako sikukupulumutsa kwenikweni.

Njira imene yandithandiza, ndipo ndikuti palibe ina yoiposa, ndi kuyesa ndi thupi lako kaye usanagwire cholembera. Tsiku la mwera tengani njinga awiri, mulowe mu M1 cha ku Bembeke pamene palibe magalimoto ambiri, wina patsogolo wina kumbuyo, muzisinthana. Mukabwera mulembe tebulo la liwiro 10, 20, 30, 40, pambali pake square (kukankha kwa mphepo), pambali pakenso cube (mphamvu ya miyendo). Ndikukhulupirira kuti Physics yense angaphunzitsidwe chonchi, ndipo amene walephera kumva ndi miyendo sadzamva ndi buku. Ena anditsutsa kuti nanga za magetsi ndi ma atomu ungazipalase bwanji, koma ine ndidakali pomwepo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti aphunzitsi anangolemba fomula pa bolodi, n'kuti izi zimabwera pa mayeso, lowezani. Mphindi 40 zinatha tikukopera. Kunja kwa kalasi kuli njinga za kabaza mbwee, anyamata onyamula mbatata amatsetsereka nazo tsiku ndi tsiku atawerama kuti mphepo iwadutse, koma palibe anatiuza kuti zimene akuchitazo ndi zimene zili pa bolodizo. Ndikudziwa kuti silabasi ndi yaitali ndipo MSCE siidikira munthu. Komabe zinandipweteka kuti chinthu chofunika mphindi zisanu chinanditengera nthawi yonseyi, pamene kunyumba nakonso ntchito sizitha, magetsi akazima kuwerenga kwathera pomwepo.

Pamene pandisautsabe si pa masamu ayi. Froome anadikira ndipo mwayi wake unabwera, koma ambiri amadikira moyo wawo wonse osaupeza. Tsiku lina ndimaona kuti ndi ntchito yaulemu ngati ina iliyonse, tsiku lina ndimaona ngati akudyeredwa masuku pamutu. Mwana wa kuno ku Dedza, wozolowera mapiri ndi mpweya wa pamtunda wa mamita 1,600, atapatsidwa kontrakiti yoti azingotchingira ena mphepo ku Ulaya zaka khumi, kaya ndingamuuze kuti asaine, kaya ayi, sindinaganize bwino.