Usiku womwe Nambala 5 anandipeza ndili lende pampanda

Udindo wa msungichuma wa timu yathu ya mpira sindinaupemphe. Pamsonkhano wa chisankho ndinangotuluka kukayankha foni, pobwerera ndinapeza anthu akuwomba m'manja, ena akundigwira chanza n'kumati, "Mwadutsa popanda wopikisana naye, a Treja." Amene ndinawalowa m'malo anandipatsa buku la ndalama ndi kabokosi kachitsulo, akumwetulira mpaka mano onse pamtunda. M'kabokosimo munali malisiti, wezulo yosalira ndi kiyi wa chipinda chosungiramo katundu kubwalo. Ndalama munalibe.

Timu yathu ndi ya m'ligi yaing'ono, yodziwika ndi mbiri yakale kuposa zigoli za lero. Chuma chake chimachokera pageti basi. Siponsa anatithawa kalekale, koma dzina lake likadali pamajezi poti yogulira ena palibe, ndiye timamutsatsira malonda ulere. Za pagetizo nazo zimafika kwa ine zitaonda. Eni bwalo amatapapo, achitetezo amatapapo, oyimbira ndi a ligi amatapapo, ndiye pali "akuluakulu" olowa ulere aja, amene amadzaza mipando yabwino yonse n'kumatukwana kochi kuposa olipira.

Malipiro ndiye musanene. Ku Ulaya bungwe loyendetsa mpira la UEFA linaika lamulo loti ndalama zolipira osewera ndi makochi, pamodzi ndi zogulira osewera, zisapitirire 70 peresenti ya zomwe timu yapeza. Ife malipiro okha ankaposa zonse zomwe tinkapeza, gemu bonasi tisanaiwerengere. Gwero lake anali a Tcheya. Tikangogonja, mankhwala awo anali amodzi: kusainitsa wosewera wina. Tinafika pokhala ndi magoloboyi anayi, golo lili limodzi.

Choncho ntchito yanga yeniyeni inasanduka kuzemba. Ndinali ndi mayankho oloweza pamtima: "Bwera mawa." "Cheke chikudikira siginecha ya a Tcheya." "Kubanki netiweki yavuta." Anyamata ambiri ankatopa n'kundisiya, kupatula difenda wathu, Nambala 5. Iyeyu ndi wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo ankandisaka ndi envulopu m'manja. Ndinazolowera kuchoka pabwalo kutatsala mphindi zisanu kuti mpira uthe, moti zigoli zambiri zomwe anatichinya kumapeto ndinkangozimva pa foni.

Kenako inabuka ya lendi. Eni bwalo ankati mgwirizano unali wolipira mwezi ndi mwezi. Ife tinkati ayi, unali wolipira tsiku lamasewero lokha. Pepala lomwe likanathetsa mkangano linapita ndi mlembi wakale, yemwe palibe ankadziwa komwe ali. Ife tinkati atichotsere zomwe tinawononga pomweta udzu ndi kujambula mizere; iwo ankatulutsa bilu ya madzi ndi magetsi. Msonkhano uliwonse ngongole inkatuluka yonenepa kuposa momwe inalowera.

A Tcheya amakonda kuwerenga pa intaneti, ndipo tsiku lina anafika kukomiti maso akuwala. Anatifotokozera za Coventry City ya ku England, timu yomwe inasamukira kubwalo la Ricoh Arena mu 2005 n'kumalipira lendi yoposa mapaundi 1 miliyoni pachaka. Itaona kuti yachuluka inasiya kulipira, ndipo mu 2013 inanyamuka kukasewerera ku Northampton, mtunda wopitirira makilomita 50. "Mu 2014 anabwerera pabwalo lawo, lendi itatsika," anatero a Tcheya akumenya tebulo. "Tsiku lobwereralo kunali anthu oposa 27,000! Nafenso tiwaopseze kuti tikuchoka. Agwada okha."

Zomwe sanatiuze n'zakuti Coventry yomweyo anailanda mapointi 10, komanso kuti ku Northampton masapota ambiri ananyanyala, ena n'kumaonera mpira ataima paphiri kunja kwa bwalo. Izi ndinaziwerenga pambuyo pake. Panthawiyo ndinangovala jekete, n'kupita kukaopseza.

Bwana woyang'anira bwalo anandimvetsera modekha, zala atazilukanitsa pamimba. Nditamaliza anati, "Zikomo kwambiri, bambo, mwatipeputsa. Oimba ndi amisonkhano akhala akulifuna bwaloli Loweruka, ndipo iwowo amalipiriratu." M'mawa mwake pageti panali loko watsopano, wamkulu, wonyezimira.

M'kati munatsekeredwa majezi, mipira, mbendera za m'makona ndi maukonde. Loweruka tinali ndi gemu, yomwe tinaisamutsira pabwalo lobwereka la sukulu, ndipo kulephera kusewera kumatanthauza kugonja 3-0 muli kunyumba kwanu, kuphatikizapo chindapusa. Lachisanu madzulo a Tcheya anandiimbira. "Kiyi wa chipinda chija muli naye ndinu, a Treja. Katunduyo ndi wathu, si kuba ayi. Ine ndikudikirani m'galimoto kuseri kwa mpanda."

Kulowa kunayenda bwino zedi, moti ndinayamba kudzifunsa ngati sindinaphonye luso langa lenileni. Mipira ndinaiponyera kunja umodziumodzi. Majezi ndinaona kuti chanzeru n'kuwavala, kuti manja akhale omasuka, ndiye ndinavala lina pamwamba pa linzake mpaka mikono inakana kutsika. Maukonde ndinawakoleka m'khosi. Nditafika pamwamba pa mpanda, mwendo umodzi uli kale kunja, ndinamva kuti khwee! Lamba anakola pachitsulo chosongoka, ukonde unamasuka n'kundikuta thupi lonse, ndipo ndinapezeka ndili lende, mutu cham'munsi, ndikuphiriphitha ngati nsomba. Ndikamalimbana nawo ndiye unkandimanga kwambiri. Cha kuseriko ndinamva galimoto ikulira, kenako phokoso lake likuzimiririka. A Tcheya anali ataona tochi.

Tochiyo inabwera pang'onopang'ono, mwini wake osafulumira n'komwe. Inayamba kuunika nsapato, inatsika m'majezi, n'kudzaima pankhope.

"A Treja?"

Mawuwo ndinawadziwa. "Nambala 5! Iwe ukutani kuno?"

"Ndili pantchito, bwana. Ulonda. Ndinayamba mwezi wachiwiri wa 'bwera mawa' uja."

Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chomwe mnyamatayu ankayasamulira m'chigawo chachiwiri, masitiraika akumudutsa. Kochi ankati ndi ukalamba.

"Chabwino, tanditsitsa msanga."

"Ndikutsitsani, bwana, musadandaule." Anapana tochi kukhwapa, n'kupisa dzanja m'thumba la chikhoti. Envulopu ija. Inali itada m'mbali chifukwa choyendayenda nayo. Anaitsegula mosamala, n'kuyamba kuwerenga mokweza, liwu ndi liwu, chala chikutsata mzere. Kalatayo inkanena za lamulo la FIFA, bungwe loyendetsa mpira padziko lonse, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, loti wosewera akapanda kulipidwa miyezi iwiri ali ndi ufulu wothetsa kontirakiti, bola alembere timu kalata yoipatsa masiku 15 kuti ilipire. Anawerenga mpaka deti ndi dzina lake lomwe. Ine magazi ali thothotho kumutu.

"Masikuwo amayamba kuwerengedwa mukalandira kalata," anatero. "Ndiye vuto linali kukupezani. Sainani apa kuti mwalandira."

"Achimwene, tiyeni tikambirane ngati anthu akuluakulu. Mawa m'mawa..."

"Mawa ndiye lakwana, bwana."

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ndinatulutsa dzanja pabowo la ukonde n'kulandira cholembera. Chinakana kulemba, poti chinaloza kumwamba. Iye osatekeseka anachigwedeza, anachipumira mpweya, n'kugwirizira pepalalo pamsana pa buku lake la ulonda kuti ndisaine chopendekera. Siginecha imeneyo ngakhale a kubanki sangaizindikire, koma iye anaiunika n'kugwedeza mutu mokhutira.

Ndinkayesa zatha. Ndinangoona watulutsa foni. "Eee, ndawapeza. Ayi, sathawa. Uwauze onse abwere ndi makalata awo."

Mmene anyamata aja anafikira mofulumira, ndinadabwa kuti liwiro limeneli amalibisa kuti tsiku la gemu. Ena anabwera panjinga, wina atavala zogonera. Anandandalika pamzere pansi pa mpanda, mwaulemu ndithu, aliyense akafika n'kuyamba ndi "Mwaswera bwanji, a Treja?" Magoloboyi onse anayi analipo. Wamkulu pa iwo anayang'ana ukonde uja kwa kanthawi, n'kunena kuti chaka chino wagwira zambiri, koma lero ndiye wagwira chaphindu. Kapitawo wa timu ankandigwirira mutu kuti ndisachite chizungulire, uku akundisonyeza posaina. Wina amene ndinali ndisanamuonepo chibadwire anandipatsanso kalata, ndipo nditafunsa anati a Tcheya anamusainitsa sabata yathayo.

Atamaliza ananditsitsa bwinobwino, anthu asanu ndi mmodzi, mogwirizana kuposa mmene amatchingira kona. Thalauza lokha ndi lomwe linakana kutsika. Mbali yaikulu inatsala pachitsulo, ikukupiza. Majezi anandivula limodzilimodzi, aliyense kutenga nambala yake, ndipo pomalizira anandibwereka kabudula wa goloboyi wachinayi, yemwe anati sanamuvalepo chisainireni. Nambala 5 anakhala pansi n'kulemba m'buku lake, poti ntchito ndi ntchito: "Katundu wotuluka usiku: mipira, majezi, maukonde awiri, msungichuma mmodzi."

Gemu ya Loweruka tinafanana mphamvu, osagoletsana, ndipo Nambala 5 anasewera mpira womwe sitinauonepo. Anthu anabwera ochuluka kuposa masiku onse, a Tcheya mpaka kundigunda ndi chigongono: "Mwaona? Coventry!" Kungoti bwalo la sukulu lilibe mpanda. Geti tinaliika ndithu, tebulo ndi kabokosi kanga kaja, koma anthu ankangolizungulira mbali zonse n'kumatipatsa moni. Oyimbira tinawalipira ndi ndalama zobwereka kwa kochi.

Lolemba kunabwera kalata ya eni bwalo. Pangongole ya lendi anawonjezerapo mtengo wa loko, kuwongola chitsulo cha mpanda, ndi "kuchotsa nsalu". Masiku 15 atakwana anyamata asanu ndi awiri anachoka ulere, Nambala 5 kutsogolo, n'kukalowa timu yomwe ikuchita lendi bwalo lathu lija Lamlungu. A Tcheya anauza komiti kuti imeneyi ndi nkhani yabwino, chifukwa malipiro atsika popanda kuchotsa munthu ntchito, ndipo anapempha kuti tiwombe m'manja poyamikira a Treja. Za galimoto ija anati anapita kukaitana thandizo.

Pamsonkhano womwewo ndinapereka pempho lolemba loti timu indibwezere thalauza langa, poti linang'ambika pantchito. Komiti inavomereza onse, popanda wotsutsa. Mlembi anadinda pepalalo, analemba kuti "alipidwe", n'kufunsa kuti mapepala otere amapita kwa yani. Onse anatembenukira kwa ine. Ndinalilandira, ndinatsegula kabokosi, ndinayang'anamo, n'kumuuza mwini thalauzayo kuti abwere mawa.