Manambala a prime owerengeka mbali zonse, ndi 11 amene anandidyera nthawi

Sabata ino ndimaphunzira za manambala a prime, aja amene sagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iwo eni, makamaka amene ali palindrome: ukawawerenga kuchokera kumanzere kapena kumanja amatuluka chimodzimodzi. Ang'onoang'ono savuta: 101, 131, 151, 181, 191, 313, mpaka 929. A madijiti atatu alipo 15.

Ndiye ndinati ndipeze a madijiti anayi. Madzulo onse ndinangokhalira kugawa. 1221 inagawika, 1331 inagawika, 3773 nayonso. Nthawi zonse wogawa anali 11 yemweyo, mpaka ndinayamba kukayikira kuti pali chifukwa. Chilipodi. Kuti udziwe ngati nambala igawika ndi 11, umachotsa ndi kuphatikiza madijiti ake mosinthanasinthana. Pa 4554 timati 4 − 5 + 5 − 4, yankho ndi ziro, ndipo ziro amasonyeza kuti nambalayo imagawika ndi 11. Madijiti akakhala anayi, asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, dijiti iliyonse imakumana ndi mnzake wa mbali inayo n'kufafanizana. Motero wa madijiti anayi kulibe ndithu, ndipo 11, wa madijiti awiri, ndi yekhayo wopulumuka pa gulu lonse la amene madijiti awo ali awiriawiri chonchi. Ndinataya pepala lathunthu pa chinthu chimene mizere iwiri ikanathetsa.

Akuluakulu ndiwo anandisangalatsa. Pali wina wotchedwa Belphegor, wa madijiti 31: 1, maziro 13, kenako 666, maziro ena 13, ndi 1 kumapeto. Anthu amamukonda chifukwa cha 666 wapakatiyo, koma ine sindiona kuti zimenezo zikuwonjezera kanthu pa masamu. Amene anandigwira mtima ndi amene Ryan Propper ndi Serge Batalov anapeza mu 2021: 10^1888529 − 10^944264 − 1 (10^1888529 akutanthauza 1 wotsatiridwa ndi maziro 1,888,529). Ali ndi madijiti 1,888,529, onse ndi 9, kupatula 8 mmodzi pakati penipeni. Poyamba ndinkaganiza kuti anasankha maonekedwe amenewa chifukwa chokongola. Ayi. Ukaphatikizapo 1, nambalayo imagawika ndi 10^944264, amene ndi ma 2 ndi ma 5 okhaokha ochulukitsidwa, ndipo kudziwa zigawo za nambala yoyandikana nayoyo n'kumene kumathandiza kompyuta kutsimikizira kuti ndi prime.

Chimene chikundivutitsabe mutu ndi ichi: kukhala prime ndi khalidwe la nambalayo, koma kukhala palindrome kumadalira kalembedwe. 31 si palindrome m'kalembedwe kathu ka makumi, koma mu binary, kalembedwe kogwiritsa ntchito 0 ndi 1 basi, amalembedwa 11111. Manambala onse a Mersenne, aja amene umawapeza ukachulukitsa ma 2 okhaokha n'kuchotsapo 1, amatero. Nanga 131, amene ndimamunyadira uja, mu binary ndi 10000011, kukongola konse kwatha.

Funso loti kodi manambala oterewa alipo osatha m'kalembedwe ka makumi silinayankhidwebe. Mawa ndiyesa a madijiti asanu, amene alipo 93, ndione ngati ndingapezeko khumi popanda kompyuta.