Kuwala kwa pinki ndi buluu pa ukwati wa ku Dedza

Mwezi watha ndinajambula vidiyo ya phwando la ukwati mu holo ina pa boma la Dedza. Okongoletsa malo anayika mababu a LED owalitsa pinki mbali imodzi ndi buluu mbali inayo, moti pamene mitundu iwiriyi inkakumana pa nkhope za akwati pankaoneka pepo. Nditamutumizira zithunzi mphwanga amene akuphunzira ku Cape Town, anandifunsa moseka kuti, "Achimwene, kodi mukudziwa kuti kuwala kumeneku kuli ndi dzina?" Anati kumeneko amakutcha bisexual lighting, kutanthauza kuwala kolozera munthu amene amakopeka ndi amuna komanso akazi.

Gwero lake ndi mbendera ya anthu otere imene Michael Page, womenyera ufulu wawo, anapanga ku United States mu 1998. Pamwamba pali pinki woimira kukopeka ndi mwamuna mnzako kapena mkazi mnzako, pansi pali buluu woimira kukopeka ndi wosiyana nawe, ndipo pakati pali kamzere ka pepo, pamene awiriwo amasakanikirana. Cha m'ma 2017 ndi 2018, anthu pa Twitter anayamba kuloza mitundu yomweyi m'mafilimu ndi m'mavidiyo a nyimbo. Ankatchula Atomic Blonde ya mu 2017, mmene Charlize Theron amasewera kazitape amene amagwa m'chikondi ndi mkazi mnzake, komanso vidiyo ya Make Me Feel ya Janelle Monáe ya mu 2018, mmene woimbayo amathamangira uku kwa mwamuna, uku kwa mkazi, pansi pa magetsi a pinki ndi buluu.

Ine monga wojambula sindikhulupirira kuti paliponse pamene pawala mitunduyi pali uthenga wobisika. Magetsi otere anali kale m'mafilimu ndi m'malo ovinira a zaka za m'ma 1980, mbenderayo isanasokedwe n'komwe, ndipo aliyense amene anajambulapo anthu akhungu lakuda usiku amadziwa kuti buluu ndi pepo zimaonetsa nkhope bwino kusiyana ndi babu loyera lomwe limaumitsa chithunzi. Masiku ano mababuwa ndi otsika mtengo, n'chifukwa chake mumawapeza m'mabala a pa Lizulu ngakhalenso m'mavidiyo a makwaya a mpingo.

Mtundu wa kuwala umayankhula kwa okhawo amene anagwirizana tanthauzo lake. Ife a kuno sitiyenera kudabwa nazo, pakuti pa bwalo la gule wosavinidwa amangoona chigoba chofiira, pomwe wolowa ku dambwe amamva nkhani yonse. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti chinenero chotere chimawapatsa opanga mafilimu pobisalira. Amatha kulozera popanda kunena kanthu, wodziwa n'kukhutira kuti amukumbukira, wosadziwa n'kungoti magetsi ndi okongola, filimu n'kugulitsidwa ngakhale m'mayiko ngati lathu lino, kumene malamulo amaletsa kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Ngati wolemba nkhani sanamupatse munthuyo mawu ndi zochita zosonyeza amene amamukonda, babu la pinki silingamugwirire ntchitoyo.

Vidiyo ya ukwati ija ndinaipereka osasintha mtundu uliwonse. Amayi a mkwatibwi ndi okhawo anadandaula, ndipo dandaulo lawo linali lakuti diresi limene anagula loyera likuoneka lapepo.