Filimu Ikamalankhula M'malo mwa Mkazi Amene Anatsekedwa Pakamwa

Pa 6 July 2016, Gretchen Carlson, yemwe ankaulutsa nkhani pa wailesi ya kanema ya Fox News ku America, anasumira bwana wake Roger Ailes kukhoti ponena kuti anachotsedwa ntchito chifukwa chokana kugona naye. Patangotha milungu iwiri, Ailes anatula pansi udindo, ndipo mu September chaka chomwecho kampaniyo inapepesa poyera ndi kupatsa Carlson chipukuta misozi cha madola 20 miliyoni. Nkhani imeneyi ndiyo inabala filimu ya Bombshell ya mu 2019, momwe Nicole Kidman anasewera ngati Carlson, pamene Charlize Theron anasewera ngati Megyn Kelly, woulutsa nkhani wina wa pa wailesi yomweyo.

Chimene chimandivutitsa maganizo ndi chakuti mwini nkhaniyo sanathe kuthandiza okonza filimu, chifukwa polandira ndalama zija anasainiranso mgwirizano womuletsa kuulula zimene zinamuchitikira. Motero mbali yowawa kwambiri ya filimuyi inaperekedwa kwa Kayla, mtsikana wongopeka amene anaseweredwa ndi Margot Robbie, ndipo moyo wake unalukidwa kuchokera ku maumboni a akazi angapo. Kayla akulowa mu ofesi ya Ailes ali ndi chiyembekezo choti amupatsa mwayi woonekera pa kanema. Bwanayo akumuuza kuti aimirire ndi kuzungulira kuti amuone bwino, kenako akumulamula kuti akweze diresi lake pang'onopang'ono, mobwerezabwereza, kufikira chovala chamkati chitaonekera. Palibe kukuwa kapena kumenyana, koma nkhope ya mtsikanayo ikusintha pamene akuzindikira mtengo wa ntchito imene ankaifuna.

Chithunzichi n'champhamvu, ndipo chikusonyeza bwino kuti nkhanza za mtundu umenewu kawirikawiri zimabwera zitavala malaya a kuyesa munthu ntchito. Komabe ndili ndi dandaulo limodzi: kamera imakhala nthawi yaitali ikuyang'ana thupi la mtsikanayo kuchokera pomwe pakhala bwana, moti woonera amapezeka akuona ndi maso a wozunzayo. Wokonza filimu angayankhe kuti cholinga chinali kutichititsa manyazi, koma ine ndikuona kuti nkhope yokha ikanakwanira. Filimu ya She Said ya mu 2022, yofotokoza momwe atolankhani Jodi Kantor ndi Megan Twohey a nyuzipepala ya New York Times anafufuzira Harvey Weinstein, mkulu wopanga mafilimu amene akazi ambiri anamudandaula za nkhanza zokhudza kugonana, inasankha njira ina: siionetsa nkhanzazo, imangoonetsa makonde ndi zipinda za hotelo zopanda anthu pamene mawu a akazi akumveka.

Vuto lalikulu la mafilimu oterewa ndi lakuti amafuna chilombo chimodzi choti chigwe pamapeto, oonera atuluke mitima ili m'malo. Koma chimene chinkateteza Ailes kwa zaka zambiri sichinali mphamvu zake zokha. Panali maloya, anzawo a ntchito amene ankadziwa koma n'kusunga pakamwa poopa kuchotsedwa, komanso mapepala a mgwirizano wa ntchito amene ankakakamiza wodandaula kukambirana mlandu wake m'chipinda chomata, kutali ndi khoti ndi atolankhani. N'chifukwa chake Carlson anasumira Ailes monga munthu payekha osati kampani, atatha pafupifupi chaka akujambula mobisa mawu ake pa foni. Zinthu zotere n'zovuta kuziika pa kanema, chifukwa ndime ya mu mgwirizano silira ndipo ilibe nkhope.

Ngakhale kugwa kwa chilombocho sikunali kotheratu monga filimu ingatichititsire kuganiza. Ailes anachoka ndi ndalama zokwana pafupifupi madola 40 miliyoni, kuwirikiza kawiri zimene analandira mkazi amene anamusumira, ndipo mu April 2017 woulutsa wina wotchuka wa pa wailesi yomweyo, Bill O'Reilly, anachokanso zitadziwika kuti akazi asanu analipidwa madola 13 miliyoni kuti madandaulo awo athe. Kusintha kooneka kunadza mu March 2022, pamene Pulezidenti Joe Biden anasainira lamulo loletsa kukakamiza odandaula za nkhanza zokhudza kugonana kuti milandu yawo ikambidwe mwachinsinsi. Carlson anali mmodzi wa amene analimenyera nkhondo kwa zaka zingapo, ndipo lamulolo linadza filimu yonena za iye itatuluka kale.