Ndili pabanja koma ndimayenda limodzi ndi asisitere: mmene ndinalowera

Anthu akamva kuti ndili m'gulu la asisitere, ena amafunsa modabwa kuti, "Nanga amuna anu mwawasiya?" Sindinawasiye. Banja lilipo, ana alipo, ntchito ndikugwirabe, ndipo chovala cha usisitere sindivala. Gulu lomwe ndinalowa ndi la akhristu eni ake (akhristu amene si ansembe kapena asisitere), abwenzi a chipani cha asisitere, amene amagawana ndi asisitere mzimu wa chipani chawo, mapemphero awo ndi utumiki wawo, iwo akukhala m'makomo mwawo. Ndalemba izi poganizira anzanga amene mtima ukuwakoka koma sakudziwa polowera, chifukwa ulendo wake ndi wautali ndipo n'kwabwino munthu kuudziwiratu asanauyambe.

Ine ndinayamba ndi kuperekeza asisitere poyendera odwala amene sangathe kufika kutchalitchi. Yanga inali ntchito yonyamula chikwama ndi kukhala pambali pa bedi pamene iwo akupereka Ukaristia. Tsiku lina tikubwerera anandifunsa ngati ndinamvapo za abwenzi a chipani chawo. Nditakana, sanachulutse mawu, anangoti, "Amayi, bwerani mudzaone, mtima wanu ndi umene udzakuuzeni." Ambiri amalowa motero, wina atawaitana. Ngati palibe wakuitanani, musadikire. Pitani kunyumba ya asisitere, funsani ngati chipani chawo chili ndi gulu la akhristu eni ake, ndipo pemphani kuonana ndi sisitere amene amaliyang'anira. Si zipani zonse zili ndi gulu lotere, choncho akakuyankhani kuti palibe, musagwe ulesi, kafunseni kwina.

Pamsonkhano woyamba panalibe fomu yodzaza. Tinakhala mozungulira m'kachipinda kopemphereramo, asisitere ndi abwenzi mosakanikirana, abambo enanso ali momwemo, pakuti gululi si la amayi okha. Anayamba Mapemphero a Madzulo, masalimo akuwerengedwa molandizana, mbali ino ndime imodzi, mbali inayo ndime yotsatira. Ine ndinasochera m'buku. Sisitere wina wachikulire, manja akunjenjemera, anasendera pafupi nane n'kuika chala pamzere umene tinali, n'kumachitsitsa pang'onopang'ono mpaka tinafika pa nyimbo ya Amayi Maria. Titatha, tinawerenga Uthenga Wabwino wa Lamulungu lotsatira, aliyense n'kunena mawu amene amukhudza. Palibe anatsutsa mnzake, palibenso analalikira. Ndinabwerera kunyumba ndikudziwa kuti ndidzapitanso.

Miyezi yotsatira inali yongoonana ndi kudziwana. Sisitere woyang'anira gulu anandiitana kuti ticheze patokha, ndipo anandifunsa zinthu zachindunji: ngati ndinabatizidwa ndi kulimbitsidwa, ngati ndimalandira masakramenti, zomwe ndimachita m'parishi mwanga, ndi mmene pemphero langa limayendera. Zipani zina zimalandira ngakhale akhristu a mipingo ina, zina zimafuna Akatolika okha, ndiye funsiranitu. Kenaka anafika pa funso limene ndinalimva kulemera kwake: "Kodi a kunyumba mwakambirana nawo?"

Ndinali ndisanakambirane nawo mokwanira, ndipo asisitere anandiuza mosabisa kuti sangandilole kupitirira mpaka nkhaniyo ikambidwe. Lero ndimawayamikira. Munthu wapabanja ali kale ndi malonjezo amene anachita pamaso pa Mulungu, ndipo gulu ili silibwera kudzawalanda malo. Bambo a kunyumba anali ndi mafunso awo, ena ovuta ndithu. Ankafuna kudziwa kuti misonkhano idzatenga masiku angati pamwezi, kuti ndalama za pakhomo sizidzathera kumeneko, ndiponso kuti sindidzayamba kuona banja lathu ngati chinthu chochepa poyerekeza ndi moyo wa asisitere. Funso lomalizali sanalinene tsiku loyamba, linatuluka patapita nthawi, usiku ana atagona. Ndinawapempha kuti tipitire limodzi kumsonkhano umodzi. Anapita, anacheza ndi abambo anzawo a m'gululo, ndipo pobwerera anati, "Mayi a ana, pitirizani, koma Lamulungu masana likhale lathu." Mpaka lero Lamulungu masana ndimakhala pakhomo.

Zitatero maphunziro anayamba. Kutalika kwake kumasiyana malinga ndi chipani, koma kawirikawiri amatenga chaka kapena ziwiri, anthu akukumana kamodzi pamwezi. Aliyense amapatsidwa womuperekeza, sisitere kapena bwenzi lakale m'gulu, woti azicheza naye pakati pa misonkhano. Wanga anali mayi wamasiye wofatsa, amene luso lake linali kufunsa funso limodzi n'kukhala chete mpaka nditayankha zoona.

Gawo loyamba linali mbiri: moyo wa amene anayambitsa chipani, mavuto a nthawi yawo, ndi mphatso ya Mzimu Woyera imene anasiyira ana awo. Chimene chinanditsegula maso n'chakuti ntchito zambiri zimene lero timazidziwa kuti ndi za asisitere zinayamba m'manja mwa akhristu eni ake. Catherine McAuley anatsegula nyumba yothandiza amayi ndi atsikana osauka mumsewu wa Baggot ku Dublin mu 1827, pogwiritsa ntchito chuma chimene anasiyiridwa, ndipo ankagwira ntchitoyo ndi amayi anzake asanachite malumbiro alionse. Chipani cha Sisters of Mercy chinadzabadwa pambuyo pake, mu 1831. Angela Merici naye, poyambitsa gulu lake ku Brescia mu 1535, anasonkhanitsa akazi odzipereka kwa Mulungu amene ankakhalabe kwa makolo awo.

Koma nkhani imene inandikhala mumtima ndi ya Vincent de Paul Woyera. Mu 1617, ali bambo mfumu ku Châtillon, anauzidwa za banja lina limene onse anali kudwala, popanda wowasamala. Analalikira za iwo pa Misa, ndipo tsiku lomwelo anthu anakhamukira kunyumbako ndi chakudya chochuluka kuposa chimene banjalo likanatha kudya. Iye anaona kuti chifundo chilipo koma dongosolo palibe: lero zadzadza, mawa zawonongeka, mkuja njala yabwerera. Ndipo anasonkhanitsa amayi a m'deralo kuti azisinthana, aliyense tsiku lake. Patapita zaka, mu 1633, iye pamodzi ndi Louise de Marillac anayambitsa chipani cha Daughters of Charity ku Paris. Nditamva izi ndinamvetsa chifukwa chake asisitere athu sakopeka ndi munthu wobwera ndi changu chachikulu mwezi woyamba. Iwo amayang'ana amene adzafike pabedi la wodwala tsiku limene analonjeza, mvula ikugwa kapena ayi.

Tinaphunziranso zomwe Mpingo umaphunzitsa. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, umene unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, unanena momveka mu chikalata cha Lumen Gentium kuti obatizidwa onse amaitanidwa kukhala oyera, osati ansembe ndi asisitere okha. Msonkhano womwewo unapempha zipani kuti zibwerere ku mzimu wa amene anaziyambitsa, ndipo pobwerera kumeneko zambiri zinapeza kuti mzimuwo ungagawidwe. Papa John Paul II anatsimikiza zimenezi mu 1996 m'chikalata cha Vita Consecrata, momwe analemba kuti zipani zambiri zazindikira kuti mphatso yawo angathe kugawana ndi akhristu eni ake. Ngakhale m'buku la malamulo a Mpingo la 1983, lamulo 677 limauza zipani zimene zili ndi magulu a akhristu olumikizana nazo kuti ziwasamale mwapadera, kuti adzazidwe ndi mzimu weniweni wa banja lawo. Izi zinandikhazika mtima pansi, chifukwa m'parishi munali ena ondinong'oneza kuti ndalowa zachilendo.

Apa ndifotokoze bwino chinthu chimene chimasokoneza ambiri. Bwenzi la chipani sachita malumbiro a umphawi, kudzisunga ndi kumvera. Sakhala m'nyumba ya asisitere, saponya voti pamsonkhano waukulu wa chipani, ndipo katundu wake amakhala wake. Chipani nacho sichitenga udindo wolipirira ana ake sukulu, kumupezera ntchito kapena kumusunga atakalamba. Gululi ndi losiyananso ndi zipani zachitatu, monga cha akhristu eni ake otsata Francis Woyera wa ku Assisi, amene ali ndi malamulo awoawo omwe Papa Paul VI anawavomereza mu 1978. Mnzathu wina amene tinayambira limodzi anasiya pakati, atawawidwa mtima, chifukwa ankayembekezera kuti asisitere amulemba ntchito. Ndinamumvera chisoni, pakuti vuto lake linali lenileni, koma khomo lomwe anagogoda silinali la zimenezo. Funsani mafunso a ndalama poyera, pachiyambi pomwe, ndipo musachite nawo manyazi.

Pemphero ndilo linanditengera nthawi yaitali kuti lizike mizu. Asisitere ali ndi belu lowaitana, ine ndili ndi ana ofuna yunifolomu yosita. Wondiperekeza anandiletsa kutengera ndandanda ya asisitere yonse. Anati ndisankhe zochepa zimene ndingazisunge. Ndinasankha salimo limodzi ndi Uthenga Wabwino wa tsikulo m'mawa anthu asanadzuke, ndipo usiku kuyang'ana m'mbuyo tsiku lonse: kuthokoza, kuona pomwe Mulungu anandiyankhula, kupepesa, ndi kupereka mawa m'manja mwake. Zili ngati kukapala moto kwa oyandikana nawo: supita kukakhala kwawoko, umautenga n'kukakoleza pako, ndi nkhuni zako.

Maphunziro atatsala pang'ono kutha, tinachita mbindikiro wakachetechete. Cholinga chake chinali chimodzi, kuti aliyense adzifunse pamaso pa Mulungu ngati akuitanidwadi. Tinapatsidwa Luka 8, pomwe akutchula Maria wa ku Magadala, Yohana, Suzana ndi amayi ena ambiri amene ankayenda ndi Yesu namutumikira ndi chuma chawo. Ndinakhala nayo ndimeyo nthawi yaitali. Yohana anali mkazi wapabanja, ndipo Uthenga Wabwino sunabise zimenezo.

Pambuyo pa mbindikiro pamabwera kalata. Umalembera akuluakulu a chipani, ndi mawu akoako, kufotokoza chifukwa chake ukufuna kulowa ndi mmene udzakhalire moyo wa pemphero, wa umodzi ndi wa utumiki. Musakongoletse. Ine ndinalemba zinthu zoti munthu akhoza kuziona ndi maso: kupemphera m'mawa ndi usiku, kufika pamsonkhano wa pamwezi ndi pa mbindikiro wa pachaka, kuyendera odwala tsiku langa, ndi kuchitira chifundo anthu amene ndimagwira nawo ntchito, makamaka amene sitimvana. Wondiperekeza naye analemba umboni wake. Kenaka ndinacheza ndi sisitere woyang'anira gulu kachiwiri, ndipo Mayi wamkulu wa chigawo ndi aphungu awo ndi amene anapereka chilolezo.

Mwambo wa malonjezo unachitika pa Misa, ulaliki utatha. Anatiitana mayina mmodzimmodzi, aliyense n'kuyankha kuti, "Ndili pano." Ndinawerenga lonjezo langa mokweza, pepala likugwedezeka m'manja, bambo a kunyumba ataima kumbuyo kwanga. Ndinasaina, Mayi wamkulu nawonso anasaina, n'kundiveka kamtanda kakang'ono ka chipani. Kenaka asisitere onse anaimirira n'kulonjeza kuti adzatipempherera, adzatilandira, ndipo adzayenda nafe. Mbali imeneyi sindinaiyembekezere. Ndinkaganiza kuti wolonjeza ndine ndekha.

Moyo wa pambuyo pake uli ndi zokoma zake ndi zolemetsa zake. Pamaliro a m'banja mwathu asisitere anabwera n'kuchezera nafe, ndipo sisitere wachikulire akadwala ife timasinthana kukakhala naye. Timasiyananso maganizo. Nthawi zina abwenzi amadandaula kuti zinthu zimagamulidwa iwo osafunsidwa, nthawi zina asisitere amaona kuti tikufuna kulowerera pa zimene si zathu. Maganizo anga ndi akuti zonse ziwiri zimachitikadi, ndipo mankhwala ake ndi kukhala pansi n'kuzitchula. Sindigwirizananso ndi amene amaona abwenzi ngati antchito ongodzaza mipata kumene asisitere achepa. Ntchito timagwira ndi mtima wonse, koma chimene tinabwerera ndi kugawana mzimu, ndipo malo athu oyamba otumikira ndi pakhomo, kuntchito ndi m'parishi. Wina akasiya udindo wake wa m'parishi chifukwa walowa gululi, ndiye kuti china chake sichinamveke bwino pamaphunziro.

Lonjezo lathu ndi la chaka chimodzi, ndipo limabwerezedwa. Zipani zina zimapereka nthawi yotalikirapo, zina zimalola lonjezo la moyo wonse munthu akakhalitsa. Nthawi yobwereza ikayandikira, umatenga pepala lako lija n'kukhala pansi ndi wokuperekeza, kuona zimene wasunga ndi zimene zakukanika. Chaka chimene mayi anga anadwala kwambiri sindinathe kuyendera odwala ena, ndipo ndinapita ndili wokonzeka kunena kuti ndisiye. Asisitere anandimvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena kuti, "Amayi, wodwala wanu chaka chino ali m'nyumba mwanu. Lembani zimenezo." Ndinasintha mawu a lonjezo langa, ndipo anzanga anagawana odwala amene ndinkawayendera.

Amene waona kuti sangapitirize amangolemba kalata yodziwitsa akuluakulu, kapena sabwereza lonjezo nthawi yake ikakwana. Popeza panalibe malumbiro, palibe chilolezo chapadera chimene chimafunika kuchokera kwa aepiskopi kapena ku Roma. Ena amapuma chaka chimodzi kapena ziwiri chifukwa cha matenda, ntchito kapena kusamuka, ndipo akafuna kubwerera amakaonana ndi sisitere woyang'anira gulu n'kugwirizana poyambira.