Mafoni a pa intaneti mu ofesi yathu: funsani password ya router musanalipire

Mafoni akulira bwino tsopano, koma mtima sunatsikebe. Ife timagulitsa zipangizo zomangira mu Lilongwe, ndipo nyumba yosungiramo katundu ili ku Kanengo. Abwana anatopa ndi zoti makasitomala onse aziimbira pa foni ya m'manja ya munthu mmodzi, amene akapita kumaliro malonda amaima. Ndiye tinagula kabokosi ka IP PBX kolumikiza ndi kuyendetsa mafoni onse a mu ofesi kudzera pa network, mafoni a pa desiki a Yealink, ndi GSM gateway yolowetsamo ma SIM a Airtel ndi TNM, kuti aliyense azitiimbira pa nambala ya network yake.

Za mawaya sinditayapo nthawi. Kokani waya wa network wa Cat6, usapitirire mamita 100 kuchokera pa switch (kabokosi kolumikizira mawaya onse a network), ndipo switch yakeyo ikhale ya PoE kuti foni izilandira magetsi kudzera m'waya womwewo. Mkati mwa ofesi zonse zinayenda tsiku lomwelo.

Mavuto anayamba ndi foni ya ku Kanengo, yomwe imalumikizana ndi PBX kudzera pa intaneti. Imalira bwinobwino, munthu akayankha ife timamumva, koma iye samatimva. Nthawi zina imangoduka pakatha masekondi pafupifupi 30. Chimachitika n'chakuti SIP, njira imene mafoniwa amaitanirana kudzera pa khomo la network lotchedwa port 5060, ntchito yake ndi kulumikiza mafoni basi, pomwe mawu enieniwo amayenda njira yawo yotchedwa RTP. M'ma router ambiri (timabokosi tolumikiza ofesi ku intaneti) muli kanthu kotchedwa SIP ALG kamene kamasintha ma adilesi a mu uthenga wa SIP poyesa kuthandiza, ndiye mawu amasochera. Mankhwala ake ndi kungokazimitsa.

Koma router ndi ya kampani yotipatsa intaneti, ndipo password anaibisa. Pa foni anandiuza kuti ndipite ku ofesi kwawo. Ku ofesiko ndinakhala pamzere mpaka masana, n'kundiuza kuti kasitomala saloledwa kulowa mu router, abwera amisiri awo, koma ndiyambe ndalipira ya ulendo. Ndinalipira. Tsiku limene analonjeza ndinakhala wosachoka pa mpando kuopa kuti andiphonya, iwo n'kufika dzuwa litapendeka. Mnyamata amene anamutumayo anatsegula laputopu, anachotsa kachizindikiro pa kabokosi kamodzi, n'kundipatsa pepala loti ndisaine. Ndalama zonsezo, ndiponso a ku Kanengo masiku onsewo akuimbira pa mayunitsi awo! Zimandiwawabe. Musanasaine mgwirizano ndi kampani ya intaneti, funsani ngati adzakupatsani password ya router. Akakana, auzeni azimitsiretu SIP ALG tsiku loika lomwelo, inu mukuona.

Ndakumbuka za magetsi, zomwe zimayenera kubwera poyamba. Foni yakale ya waya inkalira ngakhale magetsi atazima, koma izi ayi. PBX, switch, router ndi gateway zonse zikhale pa UPS (batire lopereka magetsi akazima) kapena inverter imodzi, chifukwa chimodzi chikazima ofesi yonse yangoti zii. Batire la UPS limatopa pakapita zaka zochepa, choncho muziliyesa pozula pulagi mwadala nthawi ndi nthawi.

Intaneti yofunika si yambiri. Munthu mmodzi akamalankhula pa G.711, imodzi mwa njira zotumizira mawu pa intaneti, amadya pafupifupi 87 kbps mbali iliyonse. Komabe wina akayamba kutumiza mavidiyo mawu amadukaduka, ndiye yatsani QoS mu router kuti mafoni azikhala patsogolo.

Sinthani ma password onse amene zipangizo zimabwera nawo, tsekani zoimbira kunja kwa dziko ngati simuzifuna, ndipo port 5060 musaisiye yotsegukira anthu onse a pa intaneti. Pali akuba amene amasaka ma PBX osatseka usiku n'kumaimbira maiko akutali pa bilu yanu. Mukamaliza kukonza zonse, sungani backup pa flash, ndipo muzisunganso ina musanaike firmware (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) yatsopano.

Password ya router ija akakupatsani, muilembe m'buku la ofesi, chifukwa router ikangobwezeredwa mmene inachokera ku fakitale, SIP ALG ikhoza kuyakanso.