Mlandu wa Naboti: masiku atatu a ulendo wathu wa ku Israel

Inu amene munatiperekeza pa bwalo la ndege la Kamuzu mwakhala mukundifunsa kuti lipoti langa lili kuti. Mlembi wa gulu analemba kale la ndalama ndi la malo onse amene tinapondako, ndipo liwerengedwa pa msonkhano wa akulu a mpingo. Langali ndi la masiku atatu okha mwa masiku khumi amene tinakhalako, chifukwa masiku amenewo ndiwo akundisowetsabe tulo.

Tinanyamuka tili anthu 23: abusa ndi amayi busa, akulu a mpingo asanu, amayi ambiri ndithu, ndi achinyamata awiri. Tinadzera ku Addis Ababa n'kukatera ku Tel Aviv kukucha. Tisanachoke kwathu abusa anali atatipatsa mutu woti tizikasanthula madzulo aliwonse tikadya: momwe Mulungu amaweruzira mafumu oipa. Ine ndinkati mutu umenewu ndi wosavuta. Farao anamira ndi magaleta ake, Nebukadinezara anadya udzu ngati ng'ombe, Belisazara anaona dzanja likulemba pakhoma n'kuphedwa usiku womwewo. Choipa chitsata mwini, nkhani yatha. Ndinkangofuna kukaona ndi maso malo amene zinthu zotere zinachitikira, ndijambule zithunzi zodzaonetsa ana a Sande sukulu.

Tsiku loyamba linandivomereza. Tinapita ku Kaisareya, mzinda wa m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean umene anamanga Herode Wamkulu. Bwalo la masewero likadalipo, mipando yake yamiyala yoyang'ana kunyanja, ndipo mphepo inkaomba moti amayi ankangogwira mipango kumutu. Tinakhala pamipandopo, mnyamata wathu mmodzi n'kutsikira pansi kukawerenga Machitidwe a Atumwi mutu 12. Mawu ake ankamveka mpaka pamwamba popanda chimkuzamawu. Herode wa m'mutu umenewu ndi Agripa, mdzukulu wa womanga mzindawo. Anapha Yakobo mbale wa Yohane ndi lupanga, ataona kuti anthu akondwera anamanganso Petro. Kenako anthu a ku Turo ndi Sidoni anabwera kudzamupepesa, osati chifukwa chomukonda ayi, koma chifukwa chakudya chawo chinkachokera m'dziko lake. Wanjala amaombera m'manja aliyense wosunga nkhokwe. Atayankhula, anthu anafuula kuti awa ndi mawu a mulungu osati a munthu. Iye sanawaletse, ndipo mngelo anamukantha, nadyedwa ndi mphutsi.

Wotitsogolera, mayi wachikulire wodziwa mbiri ya malo onsewa, anawonjezera zimene analemba Josephus, Myuda wolemba mbiri wa nthawi imeneyo. Akuti mfumuyo inavala chovala cholukidwa ndi siliva, dzuwa la m'mawa n'kumachinyezimiritsa. Itakweza maso inaona kadzidzi atatera pa chingwe pamwamba pake, m'mimba n'kuyamba kupota, ndipo inafa patapita masiku asanu, m'chaka cha 44. Atangotchula kadzidzi, amayi onse anati "Eee!" pamodzi. Izo sitinachite kufuna womasulira. Pomwepo tinaonanso mwala wolembedwa dzina la Pontiyo Pilato. Unapezeka mu 1961 utasandutsidwa popondera pa masitepe a bwalolo. Weniweniwo uli ku Israel Museum ku Yerusalemu, pamalopo anaikapo wofanizira. Dzina la kazembe amene anthu ankanjenjemera naye, anthu n'kumaliponda osadziwa. Madzulo amenewo tinaimba mokweza kwambiri.

Ku Yezreeli, kumene kunali munda wamphesa wa Naboti, ndiye kunasintha zinthu. Malowo si ochititsa kaso: chitunda cha miyala ndi udzu wouma, kasupe kumunsi kwake, ndipo patsogolo chigwa chachikulu chobiriwira cholimidwa mpaka kumene maso akulekezera, mapiri a Giliboa ali chapambali. Munthu wolima akangoyang'ana nthaka imeneyo amamvetsa chifukwa chake mfumu inaikhumbira. Wotitsogolera anati chapafupi akatswiri ofukula zakale anapeza mopondera mphesa mosemedwa m'thanthwe, chizindikiro choti mphesa zinkalimidwadi pamalopo.

Amayi busa ndiwo anawerenga 1 Mafumu 21, pang'onopang'ono. Nkhaniyi ndaimva kuyambira ndili mwana, koma ndinali ndisanaione bwino. Mfumu Ahabu sanayambe ndi kulanda. Anapempha mwaulemu: ndipatse munda wako ndipangemo dimba la ndiwo, ndikupatsa wina woposa uwu, kapena ndalama. Naboti anakana chifukwa munda unali cholowa cha makolo ake, ndipo lamulo la pa Levitiko 25 linkati nthaka ndi ya Mulungu, sigulitsidwa mpaka kalekale. Mfumu yonse yathunthu inakagona pabedi, kutembenukira kukhoma, kukana chakudya ngati mwana womanidwa chitumbuwa. Yezebeli, mkazi wa Ahabu, ndiye anati nkhaniyi ndisiyireni. Koma naye sanatole mwala ngakhale umodzi. Analemba makalata m'dzina la mfumu, n'kudinda chidindo chake, kutumiza kwa akulu ndi anthu otchuka a mumzinda wa Naboti womwewo. Lengezani kusala kudya, mumukhazike Naboti patsogolo, mupeze mboni ziwiri zonama zoti watukwana Mulungu ndi mfumu. Zonse zinayenda mwa dongosolo: mapemphero analipo, mboni zinakwana ziwiri monga lamulo linkafunira, chigamulo chinaperekedwa pabwalo, Naboti n'kuphedwa ndi miyala. Ndipo 2 Mafumu 9 imatchulanso magazi a ana a Naboti, kutanthauza kuti sanasiye woti adzatsalire mundawo.

Atamaliza kuwerenga, agogo athu, mkulu wa mpingo amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi kalekale, anafunsa funso limene linatizizira tonse. "Abusa, ndiuzeni. Naboti anaubwezeredwa munda wake?"

Abusa anati ayi.

"Nanga Ahabu anafa tsiku lomwelo?"

Ayinso. Eliya anamupeza m'mundamo, namufunsa ngati wapha ndi kulandanso, n'kumuuza kuti agalu adzanyambita magazi ake. Koma Ahabu anang'amba zovala, navala chiguduli, nasala kudya, ndipo Mulungu anauza Eliya kuti tsokalo lidzabwera m'masiku a mwana wake. Ahabu anadzafera kunkhondo ku Ramoti Giliyadi atadzibisa, muvi woponyedwa mwachisawawa utamulasa polumikizira zovala zankhondo, ndipo agalu ananyambita magazi pamene ankatsuka galeta lake ku Samariya. Yezebeli anakhalabe m'nyumba yachifumu zaka zoposa khumi, mwana wake wina atalamulira ziwiri, Yoramu khumi ndi ziwiri, mpaka Yehu, mkulu wa asilikali amene analanda ufumu, atabwera. Mtembo wa Yoramu unaponyedwa m'munda wa Naboti womwewo. Yezebeli anamuponya pazenera antchito ake omwe, oika maliro n'kungopeza chigaza, mapazi ndi zikhatho. Zaka zonsezo akufuko la Naboti ankadutsa pa dimba la mfumu akuona ndiwo zikukula.

Mnyamata wathu anati koma Yehu ndiye anali mwamuna. Abusa anamutsegulira Hoseya mutu woyamba, pamene Mulungu akunena kuti adzalanga nyumba ya Yehu chifukwa cha magazi a ku Yezreeli. Munthu amene anaunjika mitu 70 ya ana a Ahabu milu iwiri pachipata cha mzinda umene tinaimamowo, naye anali ndi mlandu wake. Mnyamatayo anangoti kukamwa yasa. Ndipo tsidya lina la chigwa chomwecho kuli Megido, kumene Yosiya, mfumu yabwino, anaphedwa ndi Farao Neko ali ndi zaka 39, pamene agogo ake Manase, amene anadzaza Yerusalemu ndi magazi osalakwa, analamulira zaka 55 n'kuikidwa m'munda wa panyumba pake.

Madzulo amenewo phunziro linasanduka mtsutso, ndipo monga mukudziwa Amalawi, nkhani inafika kwathu. Agogo aja anakumbutsa za nduna zitatu ndi phungu mmodzi, Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, amene anaphedwa ku Mwanza mu May 1983, dziko n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Anati iwo anali m'kalasi akuphunzitsa nthawi imeneyo, ndipo aliyense ankadziwa kuti palibe ngozi, koma pakamwa panali potseka. Panapita zaka zisanu ndi zinayi kuti kalata ya maepiskopi a Katolika iwerengedwe m'matchalitchi pa 8 March 1992, kenako riferendamu ya pa 14 June 1993. Mlandu wa ku Mwanza utapita kukhoti, Dr Banda anapezeka wosalakwa mu December 1995, ndipo anamwalira ali nkhalamba m'chipatala ku Johannesburg mu November 1997. Mayi wina anaimirira n'kunena kuti tisayerekeze Kamuzu ndi Ahabu, popeza misewu, zipatala ndi sukulu zimene tikugwiritsa ntchito anamanga ndi iye. Agogo anayankha modekha: "Amayi, sindikuweruza ine, woweruza alipo. Koma Ahabu naye anamanga mizinda ndi nyumba ya minyanga, Baibulo silinabise. Silinabisenso Naboti." Abusa anatseka ndi pemphero anthu asanagwirizane, ndipo ndikuganiza kuti anachita bwino.

Tsiku lachitatu mwa masiku angawa linali la ku Herodium, chakum'mwera kwa Yerusalemu, pafupi ndi Betelehemu. Ndi phiri looneka ngati mtondo wovundikira, limene Herode Wamkulu analikweza pothira dothi n'kumangapo nyumba yachifumu pamwamba. Kukwera kwake n'kowawa. Amayi atatu anatsalira m'munsi akuti mawondo akana. Uyu ndi Herode wa pa Mateyu 2, wopha ana a ku Betelehemu, amene anaphanso mkazi wake Mariamne ndi ana ake aamuna atatu. Analamulira zaka zoposa 30, anafera ku Yeriko ali ndi zaka pafupifupi 70 atadwala matenda owawa, ndipo anamunyamulira kuno pa chithatha chagolide, asilikali ali pamzere. Manda ake anasowa kwa zaka mazanamazana mpaka katswiri wina, Ehud Netzer, analengeza mu 2007 kuti wawapeza m'mbali mwa phirilo, bokosi lamwala wofiirira litaphwanyidwa tizidutswatizidutswa ndi anthu amene anachita dala. Titaima pamwamba tinkaona nyumba za Betelehemu poteropo. Mayi mmodzi, amene anaika mwana wake zaka zingapo zapitazo, anangoti, "Bokosi analiphwanya, inde. Koma amayi a ana aja sanaone." Palibe anamuyankha. Abusa anawerenga Salmo 73, la munthu amene anatsala pang'ono kuterereka poona oipa akunenepa, ndipo sanapeze yankho kufikira atalowa m'malo opatulika n'kulingalira za chitsiriziro chawo.

Maganizo anga ndi awa, ndipo amene munali nawo pa ulendowu mukhoza kunditsutsa. Ku Kaisareya kuja n'kumene timakonda kulalikira, mfumu kugwa anthu akuona. Koma Baibulo lili ndi ma Yezreeli ambiri kuposa ma Kaisareya. Mlaliki 8 amavomereza yekha kuti chilango chikachedwa anthu amalimba mtima pochita zoipa. Chimene sichichedwa ndi mawu: Naboti atangofa, Eliya anali kale panjira, kukatchula mlanduwo ndi dzina lake pamaso pa mwini chidindo. Makolo athu amati mlandu suola. Ine ndinkamva mwambiwu ngati chitonthozo kwa wolandidwa. Pa chitunda paja ndinaumva ngati samani.

Pakuti tonse 23 tinkadziyesa a Naboti, ena a Eliya. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anadziona mwa akulu a mumzinda aja, anthu opemphera, odziwa malire a munda wa mnansi wawo, amene analandira kalata n'kuchita zimene inanena. Anyani amasekana zikundu. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo mayi wina wamasiye wa mumpingo mwathu anabwera pa msonkhano wa akulu kudzadandaula kuti munthu wina wachuma wasuntha malire n'kumudyera theka la munda umene anamusiyira mwamuna wake. Munthuyo anali atangotigulira kumene malata a tchalitchi. Tinapemphera, tinakambirana, n'kugamula kuti nkhani za malo ndi za kwa nyakwawa, mpingo zisaukhudze. Mayiyo anagwada, anathokoza, natuluka. Wolemba maminitsi tsiku limenelo ndinali ine.

Titabwerako ndinakafufuza buku lija m'kabati ya ku vesitile. Ndinalipeza pansi pa mabuku a nyimbo akale, chikuto chitadyedwa ndi njenjete. Nkhani yonse ya mayiyo inatenga mizere itatu, ndipo dzina lake ndinalilemba molakwika. Ndawauza abusa kuti ndikufuna ibwererenso pa msonkhano wa mwezi uno, ndipo Loweruka likubwerali ine ndi agogo aja tikupita kwa mayiyo kuti akatilozere pamene panali malire akale.